Tikagundidwa kumbuyo, tisamangoona bampa

Akonzi,

Ndayendetsa galimoto zaka zambiri, ndipo chimandidabwitsa n'choti tikagundidwa kumbuyo tonse timathamangira kukaona bampa. Za khosi palibe amafunsa. Chonsecho mutu umakhala utakankhidwira kumbuyo kenako kutsogolo mwamphamvu, minofu ya m'khosi n'kuvulala. Magazi satuluka, X-ray kawirikawiri sionetsa kanthu, ndipo ululu ungayambe mawa lake: khosi kuuma, mutu kuwawa kuyambira kunkhongo, chizungulire. Dzanzi likafika m'manja, musazengereze, pitani kuchipatala.

Madalaivala anzanga, chotsamira mutu cha pampando chija si chokongoletsa ayi. Chikwezeni chilingane ndi pamwamba pa mutu, chiyandikirenso nkhongo. Ena amachita kuchizula, ati aziona bwino kumbuyo. Galimoto yotero ine sindikwera.

Dalaivala wodandaula