Oimba besi asathamangire pasiteji chilonda chisanapole

Akonzi,

Ndikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi oimba anzanga, makamaka oimba gitala ya besi, amene amabwerera pasiteji chilonda cha opareshoni chisanapole.

Ine ndinachitidwa opareshoni ya m'mimba, ndipo patangotha milungu 3 ndinavomera kukaimba, poganiza kuti kukhwatcha zingwe zinayi si ntchito yolemetsa. Ndinalakwitsa. Besi nthawi zambiri imalemera makilogalamu 4 kapena 5, ndipo munthu akaimirira nayo maola awiri, lamba amakoka phewa pamene thunthu la gitalayo limatsamira pamimba penipeni, pomwe adokotala anasoka. Choopsa koposa ndi kunyamula masipika ndi zida zina zolemera, chifukwa minofu ya pamimba ikakakamizidwa msanga, pamalo osokedwapo pakhoza kutuluka chophukacho.

Usiku umenewo ndinamaliza nyimbo zonse nditakhala pampando, thukuta lili kamukamu. Owonera sanadandaule, ndipo kunena zoona besi imamveka chimodzimodzi.

Atsogoleri a magulu oimba ayenera kulola wodwala kuimba atakhala, kumupezera womunyamulira zida, ndiponso kudikira kaye mpaka dokotala atavomereza.

Ndine,
Woimba besi