Mwana akatupa tsaya msanga naye kuchipatala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera munyuzipepala yanu chifukwa nkhaniyi yandikhala pamtima. Mwana wa achemwali anga anatupa tsaya ali ndi zaka 7, poyamba tinkati ndi dzino, kenako anthu anayamba zoti amuponyera, basi miyezi iwiri tinathera kwa asing'anga mpaka mbuzi inapita, pomwe timafika ku Queens ku Blantyre ndi mimba yomwe inali itatupa kale. Adokotala anati ndi khansa ya m'magazi yotchedwa Burkitt lymphoma. Mwanayo anatisiya.

Zomwe anatifotokozera kumeneko ndi zomwe ndikufuna anzanga amve. Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo mkati mwa selo muli majini (osati ziwanda ayi, koma malangizo omwe timatengera kwa makolo) omwe amalamula kuti pano gawikanani, pano lekani. Jini ina yotchedwa MYC ndi imene imauza maselo kuti achulukane, koma imayenera kugwira ntchito kenako n'kupuma. Pa matendawa kachidutswa ka chromosome 8 (ma chromosome ndi timaulusi ta m'selo tonyamula majiniwa, ndipo timadziwika ndi manambala) komwe kuli MYC kamaduka n'kukamatirira pa chromosome 14, pamalo pomwe asilikali a m'thupi amapangira zida zolimbana ndi matenda, malo osagona usana ndi usiku, ndiye MYC nayo imangokhala ngati mpopi woti wakana kutsekeka, maselo kumangochulukana, chotupa kumakula masiku ochepa okha. Ngakhale leukemia ina, yomwenso ndi khansa ya m'magazi, imayamba chonchi, chromosome 9 ndi 22 zikasinthana zidutswa, ndipo imeneyo ili ndi mapilitsi ake a imatinib kuyambira 2001. Palibe mfiti pamenepa abale.

Dokotala Denis Burkitt analemba za matendawa mu 1958 ataona ana ku Uganda, ndipo zinadziwika kuti amachuluka kumene kuli malungo ambiri, akakumana ndi kachilombo ka Epstein-Barr. Kuno mvula ndi udzudzu mukuzidziwa, koma maneti omwe timalandira kusikelo ena tikutchingira nkhuku ku dimba, ine zimandiwawa kwambiri.

Tili ku wodi ndinaona ndi maso anga ana omwe anabwera msanga, atalandira mankhwala a khansa otchedwa chemotherapy chotupa chinaphwa, tsitsi linathothoka inde koma anabwerera kwawo akuyenda okha. Chonde alangizi a zaumoyo ndi mafumu athu, pamisonkhano ya m'mudzi ndi pamaliro pomwe muzitchulako kutupa kwa tsaya, diso kapena mimba mwa ana, kuti mayi akaona zimenezi anyamuke m'mawa womwewo kupita kuchipatala.

Mayi wokhudzidwa,
Chitakale, Mulanje