Kuphunzitsa galu kudzithandiza panja

Akonzi,

Mvula ikangoyamba, anthu ambiri ku Chilenje ndi m'mafulati a Kabwata amalowetsa agalu m'nyumba, kenako n'kumadandaula za mkodzo pasimenti. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi nthawi yowatulutsira.

Kagalu ka miyezi iwiri sikangasunge mkodzo kupitirira maola awiri kapena atatu. Katulutseni kakangodzuka, kakatha kusewera, komanso pakapita mphindi 15 kapena 20 katadya. Malo akhale amodzimodzi pabwalo, chifukwa fungo ladzulo ndilo limakakumbutsa. Mukakaona kakununkhiza pansi n'kumazungulirazungulira, kanyamuleni msanga. Kazidya katatu patsiku pa nthawi yokhazikika. Mbale ya nsima ndi kapenta yongokhala pakhomo tsiku lonse imasokoneza zonse. Kakangomaliza kudzithandiza, kayamikireni pomwepo ndi kachidutswa ka nyama, osadikira kulowa m'nyumba, apo ayi sikadziwa chomwe mwakapatsira. Ngati sikanamalize katemera wa parvo, matenda oopsa a m'mimba a tiagalu, kasapondeko kumsewu.

Kukhudzitsa mphuno yake pamkodzo, chizolowezi chathu chija, kumangokaphunzitsa kukabisala kuseri kwa sofa. Pokolopa sakanizani viniga ndi madzi mofanana. Mankhwala okolopera okhala ndi amoniya amanunkha ngati mkodzo, ndiye galu amabwerera pomwepo.

Galu wamkulu wozolowera panja muyambe naye ngati kamwana. Koma amene anali waukhondo n'kuyamba mwadzidzidzi kukodza m'nyumba, kumwa madzi ambiri kapena kukodza tamagazi, musam'menye. Angakhale matenda a chikhodzodzo, impso kapena shuga. Mupite naye kwa dokotala wa ziweto, monga kuchipatala cha ziweto cha pa yunivesite ya Zambia (UNZA).

Oweta agalu,
Chilenje, Lusaka