Kalata kwa Mwana Wanga Ali ku Lilongwe

Wokondedwa mwana wanga,

Anthu akamakuuza kuti "wanenepa bwino, banja lakuyanja", amakukondweretsa koma sakukuthandiza. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015-16 anapeza kuti m'tauni pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse ndi wonenepa kupyola muyezo, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kumudzi, ndipo vutoli limakula m'mabanja opeza bwino. Si ulesi ayi. Ntchito ndi yapampando, ulendo ndi wa minibasi kapena kabaza, madzi ali pampopi, ndipo njala ikakupeza masana chapafupi ndi mandasi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera. Ena amaopanso kuonda kuti angawanene kuti ali ndi kachilombo. Mantha amenewo asakulamulire.

Yamba ndi tepi ya telala. Uyeze m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, utatulutsa mpweya. Ukapyola masentimita 80 chenjera. Ukapyola 88, matenda a shuga ndi BP ali pafupi, ngakhale usakumva kupweteka paliponse. Pita kuchipatala akakuyeze zonse ziwiri.

Pa shuga mpomwe ambiri amanyengeka. Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi masupuni a tiyi pafupifupi 8 a shuga, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Tiyi wa masupuni atatu, m'mawa ndi madzulo, wamaliza kale 6. Chepetsa supuni imodzi sabata iliyonse, lilime lizolowera. Mafuta ophikira uziyeza ndi supuni, osangotsanula m'botolo. Nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda iwiri, ndipo theka la mbale likhale bonongwe, nkhwani kapena chisoso, pambali nyemba kapena usipa.

Usamadzimane chakudya cham'mawa, chifukwa usiku ungadzadye kwambiri n'kugona pomwepo. Tiyi wochepetsa thupi wotsatsidwa pa Facebook umusiye: wambiri amangotsegula m'mimba, umataya madzi, mafuta ali pomwepo. Kutsika theka la kilogalamu pasabata n'kokwanira.

Uziyenda mwandawala mphindi 30, masiku asanu pasabata. Kutsika minibasi siteji imodzi usanafike kuntchito kumakwanitsa gawo lalikulu popanda kulipira jimu.

Ngati unayamba kunenepa utayamba jakisoni wolera, usamusiye pawekha. Kambirana ndi anamwino za njira ina.

Undilembere zomwe akupeze kuchipatala. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana.

Ndine mayi ako.