Mwana wathu sanalakwe samu ija

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi mwanu ndidandauleko, nkhani yake ndi ya masamu koma yandikhala pamtima sabata yonse. Mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye kuno ku Chilenje wayamba ma polar coordinates kukoleji (njira yolozera malo ndi manambala awiri, loyamba r ndi mtunda kuchokera pakati, lachiwiri θ ndi ngodya), ndiye wabwera ndi pepala atamuthetha pa funso loti anakhoza. Iye analemba (−4, 210°), aphunzitsi pa pepala lawo la mayankho anali ndi (4, 30°), basi anangothetha osaonanso kawiri, mwana mpaka nsima inamukanika usiku umenewo.

Komatu awa ndi malo amodzi omwewo. Imani pabwalo, yang'anani ku madigiri 30 muyende mapazi 4 kutsogolo, ikani mwala pamene mwafika. Bwererani pomwe munayambira, manje mutembenuke mpaka 210, mwafulatira mwala uja eti, ndiye yendani mapazi 4 chafutambuyo muona kuti chidendene chagunda mwala womwewo. Minus ija pa r ndiye tanthauzo lake, kuyenda cham'mbuyo. Amene sakhulupirira atenge kalikyuleta apeze x ndi y, mtunda wa cham'mbali ndi wa cham'mwamba pa galafu, x ndi r cos θ ndipo y ndi r sin θ, konse kuwiri mupeza x ndi 3.46 y ndi 2, tinachita limodzi ndi mwanayo patebulo kawiri konse.

Ndipo sizithera pamenepo ayi, (4, 390°) ndi pomwepo, (4, −330°) ndi pomweponso. Ife a mu Lusaka izi timaziona tsiku ndi tsiku, dalaivala wa minibasi akaphonya potulukira pa Kabwe Roundabout pofuna kulowa Great East Road amazungulira kathunthu, madigiri 360, n'kudzatulukira pomwe paja, mafuta okha ndi amene apita koma msewu sunasunthe. Azungulire kawiri kapena katatu ndi chimodzimodzi, n'chifukwa chake mayina a malo amodzi satha kuwerengeka. Ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda msewu wotera ndege ndi umodzi koma mbali ina analemba 10 mbali ina 28, kutanthauza pafupifupi madigiri 100 ndi 280, kusiyana kwake 180 ndendende ngati 30 ndi 210 ija. A zandege amawerenga kuyambira kumpoto motsata wotchi pomwe ife mu polar timayambira pa mzere wa x mobwerera wotchi, koma 180 yo ndi yomweyo. Nanga pakati penipeni pamene r ndi 0, ikani ngodya iliyonse mukufuna simunachoke pamalo.

Aphunzitsi ndimawalemekeza, ndikudziwa makalasi ndi odzaza ndipo mapepala ochonga ndi mulu. Koma ngati mukufuna yankho limodzi chabe lembani mu funso kuti r asakhale wa minus ndipo ngodya iyambire pa 0 isafike 360, funso la mwana wathu silinanene zimenezo olo pang'ono. Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti anamvetsa phunziro kuposa zimene pepala limafuna, manje wayamba kuopa kuganiza yekha, akuti azingoloweza zimene zili pa bolodi.

Lolemba ndamuuza atenge pepala lake akawaonetse mwaulemu x ndi y zija, ndipo ndikupempha aphunzitsiwo atuluke nawo panja anawo ndi mwala umodzi ayende chafutambuyo onse aone okha.

Kholo lokhudzidwa,
Chilenje, Lusaka