Malo a asilikali opuma ku Los Angeles abwerere kwa eni ake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za asilikali opuma a ku America omwe alibe pogona. Alipo ndithu, ndipo ena mwa iwo ndi anthu oti anakamenya nkhondo ku Vietnam, Iraq ndi Afghanistan, lero akugona m'matenti m'mbali mwa msewu.

Boma silinangokhala chete ayi, pamenepo tisaname. Pali pulogalamu ya HUD-VASH yomwe inayamba mu 1992 nkukulitsidwa mu 2008, msilikali amapatsidwa vocha ya lendi, iye amalipirako pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zomwe amapeza zotsalazo ndi za boma, komanso pamakhala munthu womuyendera pa nkhani za chipatala ndi matenda a maganizo. Chomwe chimandigwira mtima nchoti samuuza kuti yamba wasiya kaye mowa kenako tikupatsa nyumba, ayi, amayamba ndi kiyi zinazo pambuyo. Munthu angasiye bwanji mowa akugona pa katoni? Ndipo zathandiza, mu 2010 asilikali osowa pokhala anali oposa 74,000, pofika 2024 anatsala pafupifupi 33,000.

Koma ku Los Angeles vocha payokha siikukwana, lendi ndi yokwera zedi ndipo malandilodi ena akangomva za vocha amakana, munthu kumangoyenda ndi pepala m'thumba. Chowawa nchoti malo alipo. Ku West Los Angeles kuli maekala 388, malo omwe anaperekedwa mu 1888 kuti pakhale mudzi wa asilikali olumala, koma a VA, unduna wa boma woona za asilikali opuma, anabwereketsa mbali zina, pena pali bwalo la baseball la yunivesite ya UCLA, pena mabwalo amasewera a sukulu yapulaiveti ya Brentwood, penanso ankakumbapo mafuta. Mpaka 2021 eni akewo amagona kunja kwa mpanda, pa San Vicente Boulevard, matenti ali ndandanda mbendera za America zitapachikidwa pamwamba. Zimenezi nzoona?

Mu Seputembala 2024 woweruza David Carter analamula kuti pamangidwe nyumba 1,800 zokhazikika ndi 750 zongoyembekezera, a VA mmalo moti ayambe kumanga anakachita apilu. Anthuwa ambiri ndi achikulire kale, a ku Vietnam aja apitirira zaka 70, ndiye zaka zomwe zikuthera kukhoti ena sadzaziona nyumbazo. A VA asiye kukokakoka, amange.

Wowerenga wanu wodandaula