Kalata kwa mwana wanga: za ndalama ya sukulu ya adzukulu

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse, iwe, bambo a ana ndi adzukulu angawo. Ife kuno tilipo, kungoti mawondo a amayi ako amavutabe kukazizira.

Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani ya ndalama ikangokambidwa pakamwa, aliyense amadzakumbukira mbali yomukomera. Ine ndi amayi ako tagwirizana kuti mwezi uliwonse tizipatula kangachepe pa penshoni yanga, kuti adzukulu athu akadzamaliza sekondale adzapeze poyambira. Usayembekezere kuti idzalipira zonse. Ndikufuna iwe ndi amuna ako muziponyamo yanu, ndipo koposa apo ndikufuna tigwirizane lero, mitima ili m'malo, momwe tingaitetezere ndalamayi kwa ife eni ake. Ndalama ya sukulu kawirikawiri sithera kwa akuba. Imadyedwa ndi a pabanja pomwepo, pa tsiku la vuto, aliyense ali ndi chifukwa chomveka.

Ukudabwa mwina kuti ndikufulumira chiyani pomwe mzime wako sanayambe n'kuyenda komwe. Tenga pepala uwerengere nane. Tinene kuti munthu akusunga 1,000 pachaka, kaya ndi ndalama ya dziko liti, pamalo pamene ikubereka 8 peresenti pachaka, ndipo chiwongoladzanjacho sakuchitapa, akuchisiya kuti nachonso chizibereka. Akayamba mwana atangobadwa, pofika zaka 18 amakhala ataponya 18,000, koma mu akauntimo mumakhala pafupifupi 37,450. Yoposa theka sanaikhetsere thukuta. Mnzake amene wadikira mpaka mwana atakwanitsa zaka 10 amatsala ndi zaka 8 zokha, ndipo 1,000 yomweyo pachaka imamufikitsa pa 10,600 basi. Kuti afanane ndi woyamba uja ayenera kumasunga yoposa 3,500 pachaka, ndipo n'kuti mwana atakula, akudya kwambiri, nsapato zikumuthina miyezi ingapo iliyonse, fizi ya sekondale ili pakhomo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndalama yochepa yoyamba msanga imagwira ntchito imene ndalama yambiri yochedwa singagwire.

Komatu masamu amenewa ali ndi mbali yake yowawa, ndipo anthu a kubanki sakonda kuitchula. Zinthu zimakwera mitengo, fizi nayo imakwera. Pali njira yachidule yowerengera imene ndikufuna uisunge m'mutu: tenga 72, ugawe ndi peresenti. Ndalama yobereka 8 peresenti imawirikiza kawiri pa zaka 9. Koma zinthu zikamakwera ndi 12 peresenti pachaka, pakangotha zaka 6 ndalama yako imagula theka la zimene imagula lero. Ndiye ukaona banki ikukupatsa 5 peresenti pomwe mitengo ikukwera ndi 12, dziwa kuti manambala akukula papepala koma mphamvu ya ndalamayo ikutha chaka ndi chaka. N'chifukwa chake yosunga m'nyumba ndaikana, ndipo akaunti wamba ndikuiona ngati podikirira chabe, ndalama ikamasonkhana kuti ikwane kupita kwina.

Kwina kwake ndi kuti? Pali fixed deposit, imene umatsekera ndalama miyezi kapena chaka pa chiwongoladzanja chodziwikiratu. Pali kubwereketsa boma kudzera m'mabondi, kumene nthawi zambiri kumabereka kuposa akaunti wamba. Palinso masheya, ndiko kugula kagawo ka umwini wa kampani, kaya kugula wekha kaya kudzera mu unit trust, momwe anthu ambiri amasonkha ndalama kuti akatswiri aigawe m'makampani osiyanasiyana. Masheya amatsika ndi kukwera, ndipo chaka china ukhoza kuona ndalama itachepa n'kusowa tulo. Kwa mzime, amene watsala ndi zaka zoposa 15, kutsikako sikundiopsa, nthawi yobwerera ilipo. Kwa wachisamba ndiye ayi. Pakatsala zaka 3 kapena 4 kuti mwana alowe koleji, yake tizidzaisamutsira kumene singatsike, chifukwa sukulu sidikira kuti msika udzuke.

Kulikonse kumene tingaike, ufunse funso limodzi ndipo usachoke asanakuyankhe ndi manambala: inu mumadulapo zingati pachaka? Anthu amanyozera 2 peresenti ngati kanthu kakang'ono. Pa chitsanzo chathu chija, ndalama ikabereka 6 m'malo mwa 8 peresenti, 37,450 ija imatsika kufika pafupifupi 30,900. Ndalama yoposa imene munthu wasunga pa zaka 6 yapita kwa osunga. Inshuwalansi ya maphunziro nayo uiwerenge modekha, tsamba lililonse. Ubwino wake ndi wakuti zambiri mwa izo zimapitiriza kumusamala mwana wolipirayo akamwalira. Kuipa kwake kumaonekera ukalephera kulipira miyezi ingapo kapena ukafuna kutuluka zaka zoyambirira, chifukwa ukhoza kubwezeredwa yochepa kuposa imene unaponya. Wogulitsayo amalandira kenakake ukasaina, choncho kukoma kwa pakamwa pake usakutenge ngati umboni.

Ufufuzenso ngati lamulo la kumene mukukhala lili ndi akaunti yapadera ya maphunziro, chifukwa maiko ena ali nayo. Ku America kuli yotchedwa 529, imene phindu lake silidulidwa msonkho likagwiritsidwa ntchito pa maphunziro. Ku Canada kuli RESP, imene boma limaonjezerapo ndalama yake pa imene makolo aponya. Ku Britain kuli Junior ISA, yomwe inayamba mu 2011: kholo limatsegula, agogo ndi wina aliyense akhoza kuponyamo, ndipo ndalamayo ndi ya mwanayo, yotsekedwa mpaka atakwanitsa zaka 18. Chimene chimandisangalatsa pa yomalizayi ndi kutsekako.

Za anthu olonjeza kuti ndalama iwirikiza pamwezi sindichulutsa mawu. Mu 1920 ku Boston, Charles Ponzi ankalonjeza phindu la 50 peresenti pa masiku 45, ndipo ankalipiradi oyambirira pogwiritsa ntchito ndalama za obwera pambuyo, mpaka zonse zinagwa chaka chomwecho. Masiku ano chinyengo chomwecho chimabwera pa foni, nthawi zina kudzera kwa mnzako wapamtima amene naye sakudziwa kuti akunamizidwa. Ya adzukulu anga isapite kumeneko, ngakhale khobidi limodzi.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Tsiku lidzafika pamene wina adzadwala, kapena ntchito idzatha, kapena m'bale adzabwera akulira ndi ngongole, ndipo maso a tonse adzapita ku akaunti ya ana. Mawu ake amakhala amodzimodzi: tingobwereka, tidzabweza mwezi wamawa. Palibe amene amanama ponena zimenezi. Kungoti mwezi wamawa umabwera ndi mavuto ake, ndipo mwana wa zaka 7 sangabwere kudzalonjerera ngongole yake. Ndiye ndikupempha kuti mwana aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, m'dzina lake, iwe ndi ine tikhale oyang'anira, ndipo pasatuluke ndalama popanda kusaina tonse awiri. Isakhale ndi khadi la ATM, isalumikizidwenso ku foni ya aliyense. Ndalama yofuna ulendo, fomu ndi anthu awiri kuti ituluke imapulumuka ku mavuto ambiri amene m'mawa mwake amakhala atapeza njira ina.

Kutsekako sikungagwire ngati mulibe kwina kothawira. Choncho inu awiri mukhale ndi thumba lina la zadzidzidzi, lokwana kuyendetsa nyumba miyezi itatu ngati n'kotheka, ngakhale zitatanthauza kuti ya ana muyamba ndi yochepa. Ndipo ngati muli ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, yambani mwaithetsa. Kusunga pa 8 peresenti uku ukulipira ngongole ya 30 peresenti n'kudzinamiza. Ine ndikhala ndikuponya yanga pamene inu mukumaliza zimenezo. Chinthu chimodzi chokha ndingavomere kuti titsegulire akauntiyo nthawi isanakwane, ndicho moyo wa mwana mwini wakeyo.

Ndikupitanso kwa loya kukalembetsa mu wilo yanga kuti ndalamayi ndi ya maphunziro a adzukulu, ndi kutchula amene adzalowe m'malo mwanga posaina. Amayi ako safuna n'komwe kuimva nkhaniyi, akuti ndikudziitanira imfa. Koma ndalama yopanda pepala imasanduka chuma cha masiye, ndipo pogawana chuma cha masiye adzukulu amakhala kumapeto kwa mzere.

Pali china chimene ndikudziwa kuti mwina sitigwirizana msanga. Ndakumva kangapo ukunena kuti wachisamba adzakhala dokotala. Zikatheka ndidzavina. Koma ndalamayi sindikuilemba kuti ya yunivesite. Ndikuilemba kuti ya kuphunzira, ndipo mwana akadzasankha zamagetsi, kuwotcherera zitsulo, ukalipentala, umakaniko, kukonza mapaipi kapena kusoka, adzalandira yofanana ndi ya mnzake wa digiri, mopanda kumuyang'ana ngati wolephera. Ku Switzerland, achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse akamaliza sukulu yokakamiza amalowa maphunziro a ntchito. Ku Germany wophunzira ntchito amakhala masiku ena pakampani, ena m'kalasi, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, akulandira malipiro. Maiko amenewa si osauka, ndipo ana awo si opepera. Maphunziro a luso nthawi zambiri amatenga zaka zochepa, mwana amayamba kupeza ndalama msanga, ndipo yotsala mu akaunti yake ikhoza kumugulira zipangizo. Pamenepa mpamene ambiri amagwera: satifiketi ali nayo, luso ali nalo, koma alibe makina oyambira, ndiye amathera zaka akulemeretsa mwini zipangizo. Kwa ine bokosi la zipangizo ndi gawo la fizi.

Chimene ndingakakamire ndi chakuti sukuluyo, kaya koleji kaya ya ntchito zamanja, ikhale yovomerezedwa ndi boma ndipo pepala lake likhale lodziwika kwa olemba ntchito. Mufunse musanalipire, ndipo muonane ndi amene anamaliza kumeneko kuti mumve akuchita chiyani. Fiziyo tizidzalipira ku sukulu mwachindunji, teremu ndi teremu. Mwana wa zaka 18 kumupatsa ndalama ya zaka zitatu m'manja n'kumuyesa mopitirira msinkhu wake. Ndipo musaiwale kuti fizi si yokhayo: pali malo ogona, chakudya, mabuku, kompyuta, mayendedwe ndi ndalama ya mayeso, zomwe pamodzi nthawi zina zimaposa fizi yeniyeniyo.

Anawo akafika zaka 12 kapena 13 uziwaonetsa sitetimenti ya akaunti yawo kamodzi pachaka, aone momwe ikukulira ndiponso kuti siidzakwana yokha. Mwana wodziwa zimenezi amalimbikira kufunafuna thandizo la maphunziro limene sukulu, boma ndi mabungwe amapereka kwa okhoza bwino. Koma usamawakumbutse ndalamayi powadzudzula, ingawasandukire ngongole ya pamtima.

Kalatayi uwerenge limodzi ndi amuna ako, usawabisire kanthu. Uwauze kuti sindikulanda udindo wawo, ana ndi awo, ine ndikungothandizira. Ngati akufuna kuti asainire ndi iwo m'malo mwa iwe, kapena nonse awiri pamodzi ndi ine, palibe vuto, bola osaina asachepere awiri. Mukagwirizana mundiuze tsiku limene muli ndi mpata mwezi uno, ndipo mudzatenge zikalata za kubadwa za ana onse ndi ziphaso zanu, chifukwa kubanki adzazifuna.

Amayi ako akupereka moni, akuti uwatumizire zithunzi za mzime.

Ndine bambo ako.